Sitiroko: bwanji sakutsitsa BP, ndipo bwanji aletsa phala?

Nachisale:

Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga aang'ono, a zaka 63, adadzuka dzulo pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafooka, mawu osamveka. Tidathamangira nawo kuchipatala ndipo akuti ndi sitiroko. Zatizunguza ndi zitatu. BP yawo ili pa 190/105 koma sakuwapatsa mankhwala oitsitsa. Anamwino aletsa phala, ngakhale madzi omwe. Titafunsa za aspirin akuti tidikire sikani. Achibale ayamba kunena kuti tiwatulutse poti palibe chikuchitika. Kodi chithandizo chimayenda chonchi?

Mbewe:

Pepani ndi matendawa, mayi. Chonde musawatulutse. Zitatu zonsezi zili ndi zifukwa zake, ine ndiyankhe za aspirin.

Sitiroko ili mitundu iwiri, koma kunja imaoneka chimodzimodzi. Pena mtsempha wa mu ubongo umatsekeka ndi magazi oundana, pena umaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongomo. Aspirin amaletsa magazi kuundana, choncho amathandiza pa mtundu woyambawo, koma pa wachiwiri akhoza kukulitsa kutaya magazi. Mutu waukulu wadzidzidzi, kusanza ndi kukomoka msanga zimaloza ku kuphulika, koma zizindikirozi zimanamiza kawirikawiri. Chodula mlandu ndi sikani ya CT, yojambula m'kati mwa mutu. Magazi okhuthuka amaoneka oyera pachithunzi nthawi yomweyo, pamene kutsekeka sikuoneka bwino m'maola oyamba. Ndiye mukadzamva kuti sikani sidaonetse kanthu, musaganize kuti sitiroko palibe. Tanthauzo lake n'lakuti magazi sadatayike, ndipo aspirin akhoza kuyamba: 300 mg tsiku lililonse kwa masabata 2, kenako 75 mg.

Funsaninso ngati adawayeza shuga atangofika. Shuga akatsika pansi pa 4 mmol/L (makina ena amalemba 70 mg/dL) munthu amatha kufooka mbali imodzi ndi kusokonekera mawu ngati sitiroko yeniyeni, ndipo amatsitsimuka m'mphindi zochepa akapatsidwa shuga wa mumtsempha.

Alipo mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase, koma amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka kuchokera pamene munthu adaoneka ali bwino komaliza, sikani itachitika kale. Munthu wodzuka nayo sitiroko timawerengera kuyambira pamene adakagona. M'zipatala zathu zambiri mankhwalawa sapezekanso.

Nankhoma:

Ndionjezere za BP, chifukwa apa ndi pamene agadiyani amakangana kwambiri ndi anamwino.

Mtsempha ukatsekeka, pakati penipeni pa malo ovulalawo pamafa, koma m'mphepete mwake mumatsala ubongo womwe ukupuma ndi magazi ochepa odzera m'timitsempha ta m'mbali. Thupi limakweza BP dala kuti magazi afikeko. Mukaigwetsa mwadzidzidzi, mbali yotsalayo imafanso, ndipo munthu amene amasuntha zala m'mawa mumapeza madzulo mkono wonse wazizira. N'chifukwa chake pa sitiroko yotsekeka, m'masiku awiri oyamba, dokotala satsitsa BP pokhapokha itapyola 220/120, kapena mtima ndi impso zili pangozi. Ngakhale apo amatsitsa pang'onopang'ono, pafupifupi 15 pa 100 alionse tsiku loyamba. Ya 190/105 siinafike pamenepo. Nthawi zambiri imayamba kutsika yokha pakapita masiku angapo, ndipo mankhwala a tsiku ndi tsiku amayamba kapena kubwerera pambuyo pake.

Sikani ikaonetsa kuti mtsempha udaphulika, nkhani imasintha: amaitsitsa msanga, nambala ya pamwamba ifike cha m'ma 140.

Choopsa chenicheni ndi wachibale kubwera ndi mapiritsi a BP a kunyumba n'kumwetsa wodwala mobisa, makamaka nifedipine wogwira msanga uja. Musalole zimenezo. Onaninso ngati akukodza, chifukwa chikhodzodzo chodzaza komanso ululu zimakweza BP pazokha.

Nachisale:

Zikomo a Mbewe ndi a Nankhoma, mtima wakhalako pansi. Koma pano sikani palibe, akuti mpaka atitumize. Nanga za chakudyazi? Munthu angakhale bwanji ndi njala?

Mbewe:

Makina a CT m'zipatala za boma amapezeka ku zipatala zazikulu monga Gulupu ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiye kutumizidwa n'kwachizolowezi. Sikani ikachedwa, dokotala amayeza zizindikiro, n'kuona mmene wodwala akuyendera tsiku limodzi kapena awiri asanasankhe za aspirin. Chisankhocho musiyireni iyeyo. Inu funsani tsiku la ulendo, ndipo buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa zipite nawo.

Nagama:

Mayi, za phalazi ndikhalitsepo, chifukwa odwala sitiroko ambiri amene timataya m'wodi satengedwa ndi ubongo ayi, amatengedwa ndi chibayo chobwera ndi chakudya cholowa njira ya mpweya.

Sitiroko imafooketsa minofu yomezera monga imafooketsera mkono. Phala kapena tiyi zimatsetserekera m'mapapo, ndipo ena satsokomola n'komwe, ndiye gadiyani amaona ngati zalowa bwino. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri thupi latentha, kupuma kwafulumira, pachifuwa pakulira. Kuletsa chakudya n'koyenera, koma sikuyenera kukhala kwa masiku. Namwino ayenera kuyeza kumeza tsiku loyamba lomwelo. Wodwala akhale maso, atakhala tsonga. Amamupatsa madzi a supuni yaing'ono katatu, akumvetsera ngati akutsamwa, ngati mawu akumveka onyowa, kapena madzi akutuluka pakona ya kamwa. Zikayenda bwino amamupatsa theka la kapu. Akalephera pena paliponse, pakamwa sipadutsa kanthu, ngakhale mapiritsi, ndipo amaika chubu cha m'mphuno chofika m'mimba kuti phala losefa, mkaka ndi mankhwala zidzere mmenemo. Poti tsiku latha kale, pitani mukafunse mwaulemu kuti kumeza kwayezedwa kodi, ndipo ngati alephera, chubu chiikidwa liti. Podikira akhale pa diripi ya madzi a mchere (normal saline), yoikidwa kumkono wabwinowo. Chubu chikaikidwa, musathiremo kanthu namwino asanatsimikize kuti chili m'mimba, ndipo chikasolokako musachikankhire nokha.

Akaloledwa kudya, akhale tsonga, supuni zazing'ono, osathamanga, ndipo asagone kwa mphindi 30 atatha. Phala lolimbirako limamezeka bwino kwa ambiri kuposa madzi. Suzumirani m'tsaya la mbali yofookayo, chakudya chimabisala mmenemo. M'kamwa mutsuke kawiri patsiku ngakhale sakudya, chifukwa malovu akuda nawonso amadzetsa chibayo.

Ntchito ina ili m'manja mwanu agadiyani. Muwatembenuze pa maola 2 alionse, usiku womwe, n'kumaona m'chiuno, pamatako ndi pazidendene. Pakafiira posabwerera mukadina, chilonda chayamba. Zofunda zikhale zouma. Powadzutsa musakoke mkono wofookawo, phewa limaguluka ndipo ululu wake umatha miyezi. Gwirani kumsana ndi m'chiuno, mkonowo muutsamiritse papilo. Mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha musautikite, itanani namwino, akhoza kukhala magazi oundana.

Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachisanu ubongo umatupa. Akayamba kugona kwambiri, kuvuta kudzutsa, kusanza kapena kugwa khunyu, musadikire dokotala wa m'mawa.

Phiri wa mafizo:

Asanatuluke, chifunidwe chimene chidayambitsa. Kupatula BP ndi shuga, awajambule mtima pa ECG, chifukwa mtima wogunda mosalongosoka umaponya timagazi toundana ku ubongo, ndipo zikatero aspirin sakwanira, pamafunika warfarin, mankhwala amphamvu oletsa magazi kuundana, ndi kuyezetsa INR, muyezo wa kaundanidwe ka magazi, kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ayezedwenso HIV ndi chindoko, posayang'ana zaka. Kafukufuku wa ku Blantyre amene adasindikizidwa mu 2016 adapeza kuti HIV ndiyo idatsogola pa zoyambitsa sitiroko mwa anthu osapitirira zaka 45, makamaka m'miyezi 6 yoyamba ya ma ARV. Izi sizikutanthauza kusiya ma ARV.

Mafizo asadikire mpaka wodwala atafika kunyumba. Tsiku loyamba likadutsa ndipo ali bwino, ayambe kukhala pansi m'mphepete mwa bedi, mphindi zochepa koma kangapo patsiku. Kuchira kwambiri kumachitika m'miyezi 3 yoyamba. Poti yafooka ndi mbali ya kumanja, chovulala ndi ubongo wa kumanzere, kumene kumakhala chilankhulo mwa anthu ambiri. Akhoza kumamva zambiri koma mawu osatuluka, choncho musawakalipire kapena kukambirana za maliro pambali pa bedi. Alankhuleni mmodzimmodzi, ziganizo zazifupi, mafunso oyankha ndi mutu. Ngati muli kufupi ndi Blantyre, funsani kalata yopitira ku Kachere Rehabilitation Centre, chipatala cha mafizo.