Akuti mkungudza wathu wa ku Mulanje si cedar weniweni, zoona zimenezi?

Mwana wa pa Chitakale:
Moni nonse akuluakulu. Ndili Fomu 3 ndiye mu bayoloje tikuphunzira zogawa zamoyo m'magulu, zija za kingdom, phylum, class, order, family, genus mpaka species. Kuloweza ndaloweza koma mutu wanga sukugwira kuti amene amagawawo amayang'ana chani kwenikweni. Aphunzitsi atiuza kuti mkungudza wa m'phiri muno umene dziko lonse limautchula Mulanje cedar sulinso m'banja la ma cedar, ndiye eti ngati mtengo ukuoneka choncho, ukununkhira choncho, akukana bwanji? Chibale cha mitengo amachidziwa bwanji poti mtengo sulankhula? Ndithandizeni chonde, mayeso ayandikira.

Mlonda wa Nkhalango:
Aphunzitsi akowo anena zoona mwanawe. Ma cedar enieni ndi a genus yotchedwa Cedrus, amamera ku Lebanon, ku mapiri a Atlas ku Morocco ndi ku Himalaya, ndipo ali banja limodzi ndi paini, banja la Pinaceae. Wathuyu dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei ndipo ali mu Cupressaceae, banja la ma cypress. Dzina loti cedar linabwera chifukwa cha matabwa ake onunkhira amene chiswe sichiwadya, basi.

Ukadzakwera ku Chambe kapena ku Lichenya udzayang'ane wekha. Masamba a mtengo waukulu si singano ngati za paini ayi, ndi timamba tating'ono tomatirira pa kanthambi, ndipo kachipatso kake kouma kosunga njere kamang'ambika mbali zinayi, pomwe ka paini kali ndi mamba ambirimbiri osanjikizana. Akatswiri amakhulupirira kwambiri ziwalo zoberekera ngati zimenezi kuposa kutalika kapena fungo, chifukwa msinkhu umasintha ndi nthaka ndi mvula koma kapangidwe ka chipatso mtengo umatengera kwa makolo ake.

Chinanso, m'phiri momwemo muli m'bale wake Widdringtonia nodiflora, amene nthawi zambiri amakhala wamfupi wa nthambi zambiri kuyambira pansi. Kwa zaka zambiri mabuku ankaziphatikiza ngati mtundu umodzi mpaka m'ma 1990 atafufuzanso bwino. Kusiyana kwake ife ogwira ntchito m'tchire timakuona ndi maso: moto ukadutsa nodiflora amaphukanso pa chitsa, whytei akapsa wapsa, amadalira njere zokha. Ndiye usaone ngati mayinawa ndi za m'kalasi chabe, ukawatenga ngati mtengo umodzi unena kuti mkungudza ulipo wambiri mpaka ku Zimbabwe ndi South Africa, pomwe whytei weniweniyo kwawo ndi phiri lino lokha ndipo mikuluikulu yatha ndi macheka. Zimandiwawa kwambiri ine.

Mayi Bayoloje (Luchenza):
Zikomo a Mlonda mwafotokoza bwino. Ine ndiwonjezere pa funso lachiwirilo la chibale, poti ndi pamene ana ambiri amasokonekera.

Mayina awiriawiriwa, la genus ndi la species monga Widdringtonia whytei, anawakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, zomera mu 1753 ndipo nyama mu 1758. Iyeyo ankangoika pamodzi zofanana mapangidwe. Koma Charles Darwin atatulutsa mfundo zake mu 1859 funso linasintha, sanangofunsanso kuti chikufanana ndi chani, anayamba kufunsa kuti chinachokera kwa kholo liti. Zili ngati kwathu kuno mmene timawerengera mbumba, anthu awiri atha kufanana nkhope pa msika wa Luchenza koma osakhala pachibale, pomwe wina wamtali wina wamfupi nkupezeka agogo awo aakazi ndi amodzi.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi mbira, ndikunena ya m'miyala ija imaothera dzuwa m'matanthwe a m'phiri, osati yoweta m'khitchini (yowetayo ndi gulu la makoswe ndipo inachokera ku South America). Ukaiona unena kuti ndi m'bale wa khoswe kapena kalulu, koma abale ake apafupi amene ali moyo ndi njovu ndi nyama zam'madzi zotchedwa dugong ndi manatee. Mano ake awiri akutsogolo akumwamba amakula osaleka ngati timinyanga, zala zake zili ndi zikhadabo zaphwatalala, yaimuna machende ake ali m'kati mwa mimba ngati njovu, ndipo atayeza DNA (malangizo a m'maselo amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) zinagwirizana, nyama zonsezi zili m'gulu lalikulu lotchedwa Afrotheria limene linayambira mu Africa muno. Chimodzimodzi mvuu, abale ake apafupi ndi anamgumi a m'nyanja zamchere osati nkhumba, ndipo bowa ali pafupi ndi nyama kuposa zomera ngakhale amamera panthaka.

DNA amaigwiritsa ntchito chonchi: amatenga kachigawo kamodzimodzi mu zamoyo zingapo nkuyerekeza ndondomeko ya zilembo zake zinayi, A, T, G ndi C. Mibadwo ikamapita timasinthidwe tating'ono timaunjikana, ndiye zimene zinapatukana posachedwa zimasiyana pang'ono, zimene zinapatukana kalekale zimasiyana kwambiri, kompyuta nkujambula mtengo wa chibale. Akatero amaonanso ngati zikugwirizana ndi mafupa akale okumbidwa pansi. Kwa mkungudza wathu zinaonetsa kuti abale a Widdringtonia ali ku Chile, Argentina ndi ku Australia, zomwe zikugwirizana ndi nthawi imene maiko akumwerawa anali chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana.

Bambo a Chisomo:
Pepani mayi ndifunse nawo, ine ndine wa mpingo ndipo zoti munthu anachokera kwa nyani zimandivuta. Kodi mwanayu akalemba zimenezi pa mayeso sitikumuphunzitsa kukana Mulungu?

Mayi Bayoloje (Luchenza):
Funso lanu ndalilemekeza bambo, inenso ndimapemphera. Sayansi sinena kuti nyani amene amaba chimanga m'munda mwanu ndi kholo lanu ayi. Imanena kuti munthu ndi chimpanzi anapatukana kuchokera kwa kholo limodzi zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo kholo limenelo silinali chimpanzi cha lero. Komanso Linnaeus yemweyo anali mwana wa m'busa, wokhulupirira kwambiri, ndipo ndi iye anaika munthu m'gulu la Primates pamodzi ndi anyani Darwin asanabadwe nkomwe, poona mafupa, mano ndi manja. Za mzimu wa munthu labu singayeze, zimenezo ndi za inu ndi abusa anu, koma mwana adziwe zimene umboni wa thupi ukuonetsa.

Wa Mbalame ku Thyolo:
Ndiponyepo kanga kochepa, magulu amenewa amasinthidwa umboni watsopano ukabwera, ndiye usadabwe ukapeza mabuku awiri akusiyana. Kambalame kathu kosowa ka m'nkhalango, Thyolo alethe, kale kanali Alethe choloensis koma pano kali mu genus ya Chamaetylas chifukwa DNA inaonetsa kuti si m'bale wapafupi wa ma Alethe enieni. Nanzikambe wa m'nkhalango za Mulanje nayenso anapatsidwa genus yakeyake mu 2006, Nadzikambia mlanjensis, kenako mu 2010 analengeza m'bale wake wopezeka pa phiri la Mabu ku Mozambique kutsidyaku.

Mwana wa pa Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse, za mbira ndi njovu zandidabwitsa zedi. Ndiye polemba dzina ngati Widdringtonia whytei pa pepala la mayeso ndizilemba bwanji poti pamanja sindingapendeketse zilembo?

Mayi Bayoloje (Luchenza):
Genus uyambe ndi chilembo chachikulu, species chaching'ono ngakhale litachokera ku dzina la munthu ngati whytei lochokera kwa Alexander Whyte, kenako udule mzere kunsi kwa liwu lililonse palokhapalokha, osati mzere umodzi wolumikiza onse awiri.