Ndikufuna kuyamba ukalipentala wapakhomo, ndiyambire pati?

Wongoyamba_Kumene:

Moni nonse. Ndikufuna kuyamba kupanga tinthu tamatabwa kumapeto a sabata, osati togulitsa ayi, koma ntchito yamanja yongosangalatsa mtima. Malo ndili nawo ochepa, makina akuluakulu ndilibe. Ndithandizeni: zida zoyambira nazo ndi ziti, matabwa oyenera wophunzira ndi ati, ndipo ndiyambe kupanga chiyani? Ndimamvanso kuti matebulo ena amang'aluka kapena kupindika pakangopita miyezi yochepa. Chimachititsa n'chiyani?

Puleni_ndi_Sowo:

Mwalandiridwa. Musagule zida zambiri poyamba. Gulani zochepa zabwino, muphunzire kuzinola.

Zoyezera ndi zolembera ndizo zoyamba: tepi ya mamita 3 kapena 5, sikweya (choyezera ngati kona yalunjika), pensulo ndi kampeni kakuthwa. Sikweya muiyese musanaikhulupirire. Igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, lembani mzere, itembenuzeni, mulembenso pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikapatukana, sikweyayo ndi yokhota, ndipo chilichonse mungapange nayo chidzakhota.

Zodulira: sowo yamanja ya mano 8 mpaka 10 pa inchi imodzi ikukwanirani podula mopingasa. Matchizulo atatu, a mamilimita 6, 12 ndi 25, pamodzi ndi nyundo yamtengo yomenyera, chifukwa hamala yachitsulo imaswa mipini yamtengo. Puleni ya nambala 4 kapena 5. Makilampu, zopanira matabwa, anayi. Ambiri amanyalanyaza makilampu, komatu thabwa losagwiridwa bwino limasuntha, sowo n'kuphonya mzere, tchizulo n'kukupezani chala.

Tsono nkhani yaikulu ndi kunola. Tchizulo ndi mpeni wa puleni zambiri zimachoka kusitolo zisanathwe mokwanira. Yambani ndi kumbuyo kwake: kugonekeni pamwala wonolera, mupekese mpaka masentimita awiri akunsonga asalale ngati galasi. Mukatero nolani mbali yopendekeka pa madigiri 25, nsonga yeniyeniyo pa madigiri 30. Pitirizani mpaka mutamva ndi chala kalilime kachitsulo kumbuyo kwa nsonga, kuchokera mbali ina kufika inzake. Kalilimeko kakapanda kutuluka ndiye kuti simunafike pansonga, mwangotaya nthawi. Kachotseni pogonekanso kumbuyo pamwala wosalala. Ngati mulibe mwala, matani sandipepa wa nambala 400, 1000 ndi 2000 (nambala ikamakula, sandipepa amasalala) pagalasi lochindikala, amagwira ntchito yomweyo.

Puleni ikamazula thabwa m'malo mosalaza, zifukwa zake zimakhala zitatu: mpeni wabuntha, mwautulutsa kwambiri, kapena mukupala motsutsana ndi mizere ya mtengo. Bwezani mpeni mkati mpaka zopalidwazo zizituluka zopyapyala kuposa pepala, ndipo ikapitiriza kuzula tembenuzani thabwalo muzipala kuchokera mbali inayo.

Mayi_Matabwa:

Zonsezo n'zoona, koma funso lanu lomaliza lija ndilo lofunika kuposa onse, ndiye ndiime pamenepo.

Thabwa limamwa ndi kutulutsa chinyezi moyo wake wonse. Likauma limachepa m'lifupi ndi m'kuchindikala, koma m'litali silisintha kwenikweni. Mtengo wongocheka kumene umakhala ndi madzi ambiri, pamene wopangira katundu wa m'nyumba uyenera kukhala ndi chinyezi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti. Mukapanga tebulo ndi matabwa aawisi, amaumira pa tebulopo, ndiye mipata imatseguka, pamwamba pamakhota ngati bwato, polumikiza pamamasuka.

Pogula, nyamulani thabwa lililonse, muike nsonga imodzi padiso muyang'ane kutalika kwake konse. Lokhota pang'ono lingadulidwe tizidutswa tatifupi, koma lopotoka lisiyeni, silidzagona bwino. Lisiyeninso lokhala ndi mtima wa mtengo pakati, chifukwa limang'aluka kuchokera pamenepo. Mfundo zazing'ono zolimba zilibe vuto, koma zakuda zogwedera zimagwa n'kusiya bowo. Thabwa lolemera modabwitsa ndi lozizira m'manja kawirikawiri limakhala lisanaume.

Mukafika nawo kunyumba musawadule tsiku lomwelo. Aunjikeni chogona pamalo athyathyathya, pamthunzi podutsa mphepo, osati pasimenti penipeni. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo ta mamilimita 20, motalikirana masentimita 40 mpaka 50, ndipo timitengo ta mzere wapamwamba tilunjike pa tapansi. Ikani cholemera pamwamba. Matabwa ouma kale akhale choncho sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowere chinyezi cha m'nyumbamo. Aawisi amafuna pafupifupi chaka pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwake, makamaka a mitengo yolimba.

Ngakhale thabwa louma limasunthabe ndi nyengo. N'chifukwa chake pamwamba pa tebulo sitimata ndi guluu ku mitanda yapansi. Timaboola mabowo aatali m'mitandayo kuti masikuluwu azitha kutsetsereka pang'ono pamene thabwa likufufuma kapena kuchepa. Mukalimanga kolimba mbali zonse, lidzadzipezera lokha njira, ndiyo mng'alu umene mukunenawo.

Wophunzira ayambe ndi paini. Ndi wofewa, amachekeka mosavuta. Plywood, thabwa la mapepala amtengo omatikizana, ndi yabwino popanga pansi pa bokosi chifukwa siisuntha kwenikweni. MDF, thabwa la ulusi wa mitengo wopanikizidwa ndi guluu, ipeweni pakadali pano: imafufuma ikakhudza madzi, siigwira bwino sikuluwu m'mphepete, ndipo fumbi lake ndi losalala kwambiri, lolowa m'mapapo.

Sikweya90:

Choyamba kupanga chikhale bokosi losavundikira, loikamo zida zanuzo. Likuphunzitsani kuyeza, kudula molunjika, kumata ndi kukhoma, ndipo likakhota pang'ono palibe amene agwe nalo.

Tengani paini wochindikala mamilimita 19, m'lifupi 140. Dulani zidutswa ziwiri za mamilimita 400 ndi ziwiri za 250. Zazifupizo zilowe pakati pa zazitali, kotero bokosi lidzakhala 400 m'litali ndi 288 m'lifupi, chifukwa pa 250 mwawonjezera 19 mbali iyi ndi 19 mbali inayo. Kuiwala kuchindikala kwa thabwa n'kumene kumawonongetsa matabwa ambiri. Pansi pake dulani plywood ya mamilimita 6, koma muiyeze pa bokosilo mutalimanga kale.

Podula, zungulizani mzere mbali zonse zinayi ndi sikweya, mudutsemo ndi kampeni kuti thabwa lisanyotsoke. Sowo imadya pafupifupi milimita imodzi, choncho chekani pambali pa mzere, kumbali yotayidwa. Musalembe zidutswa zonse nthawi imodzi pa thabwa limodzi. Lembani chimodzi, dulani, kenaka lembani chotsatira. Zidutswa zoyenera kufanana zigundanitseni, mupale nsonga zake pamodzi.

Guluu woyera wa matabwa, wa PVA, sagwira bwino kunsonga kwa thabwa chifukwa kumamumwa. Pakani kochepa kaye, dikirani mphindi zingapo, pakaninso, ndipo muthandizire ndi masikuluwu a 4 x 45 (mamilimita 4 kunenepa, 45 kutalika), awiri pa kona iliyonse. Boolani kaye: bowo la mamilimita 4 m'thabwa lakunja, la 2.5 m'lamkati. Bowo likhale mamilimita 25 kuchokera m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi. Mukalowetsa sikuluwu pafupi ndi nsonga osaboola, paini amang'aluka pomwepo.

Guluu asanaume, yezani chopingasa kuchokera kona ina kufika yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikafanana, bokosi lalunjika. Ikasiyana, finyani pang'ono makona otalikiranawo. Makilampu akhalepo ola limodzi, koma bokosi musalilemetse mpaka maola 24 atatha.

Puleni_ndi_Sowo:

Ndiwonjezere pa mabowowo. Dirilo ya batire ndi chida chamagetsi chokhacho chimene ndingati mugule msanga. Zina zonse zidikire mpaka mutadziwa chimene manja anu akulephera.

Wongoyamba_Kumene:

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Nanga posalaza ndi kupaka vanishi, pali zoti ndisamale?

Mayi_Matabwa:

Zilipo. Guluu wotuluka polumikiza musamufafanize ndi chala, chifukwa amalowa m'thabwa ndipo vanishi kapena utoto sugwira pamenepo, pamatsala banga loyera. Dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti alimbe pang'ono, mumuchotse ndi tchizulo.

Sandipepa yambani ndi 80 ngati thabwa lili lokhakhala, kenaka 120, 180, mutsirize ndi 220. Musalumphe kuchoka pa 80 kupita pa 220, zikande za woyambayo sizingachoke ndipo zimaonekera vanishi akangolowa. Mukulungeni pa kathabwa kathyathyathya, muzikwecha motsatira mizere ya mtengo, osati mopingasa. Valani chotchinga mphuno ndi magalasi oteteza maso.

Vanishi wamafuta woyamba msungunuleni ndi gawo limodzi la mineral turpentine (mankhwala osungunulira penti) pa magawo 10 a vanishi kuti alowe bwino. Akauma monga zalembedwera pa chitini, kwechani pang'ono ndi 320, pukutani fumbi, pakani wachiwiri ndi wachitatu mopyapyala. Wochindikala amayenderera ndipo sauma mkati. Pakani mbali zonse, mkati ndi kunja, kuti thabwa lizimwa chinyezi mofanana.

Ngati mwasankha mafuta a linseed m'malo mwa vanishi, nsanza zopakira musaziunjike pamodzi. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zounjikana zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena zivikeni m'madzi. Zidutswa za matabwa obiriwira, onyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe, musazisonkhe pamoto ndipo musapangire chodulirapo zakudya. Mukafuna kugwiritsa ntchito matabwa a mapaleti (mathandala osanjikapo katundu ponyamula), yang'anani chidindo chake: a HT anangotenthetsedwa, koma a MB anafukizidwa mankhwala a methyl bromide, amenewo asiyeni. Muzulenso misomali yonse puleni isanadutsepo.