Injini ikatentha, tidikire nthawi yaitali bwanji tisanatsegule rediyeta?

Bambo a ku Ngabu:
Akuluakulu, ndili ndi galimoto yapetulo imene ndimanyamulira katundu kupita ku Blantyre, ndipo chiyambire kutentha kwa Okutobala yakhala ikuzima yokha pokwera chitunda cha Thabwa, koma ikapuma pang'ono imaliranso bwinobwino. Kodi injini imafuna nthawi yotalika bwanji kuti izizire munthu asanatsegule rediyeta, nanga chikuizimitsa chingakhale chiyani?

Makaniko wa pa Nchalo:
Bambo, musakhudze chivindikiro cha rediyeta pasanathe mphindi 30, ndipo kuno ku Chigwa, kumene kumatentha mpaka madigiri 40, kuli bwino kudikira ola lathunthu. Injini imagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 90, koma madzi ake amakhala opanikizika moti amatha kupitirira madigiri 100 osawira, choncho mukatsegula msanga amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso. Tsegulani boneti kuti mphepo ilowe, kenako mufinye paipi yapamwamba ya rediyeta mutakulunga nsalu kudzanja. Ikakhala yolimba, dikiranibe. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha, chifukwa mutu wake ukhoza kung'aluka.

Mayi a ku Bangula:
Ine ndikukayikira mafuta. M'galimoto zambiri pampu ya petulo imakhala m'thanki ndipo chimene chimaiziziritsa ndi petuloyo, kotero tikamayendera mafuta otsalira pansi, monga ambiri tinazolowera, imatentha n'kufooka pamtunda pamene injini ikufuna mafuta ambiri. Ngati munagulapo a m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, sinthaninso sefa ya petulo.

Dalaivala wa ku Nsanje:
Mayi anena zoona, koma Bambo simunatiuze ngati muvi wosonyeza kutentha umakwera galimotoyo isanazime. Ngati sukwera, kawirikawiri vuto silikhala m'rediyeta. Pali sensa ya crankshaft (kachipangizo koyeza mmene injini ikuzungulirira) imene ikayamba kutha imasiya kugwira ntchito ikatenthedwa, n'kuyambiranso ikazizira, ndipo khoyilo yopereka moto kumapulagi imachitanso chimodzimodzi. Ngati muvi ukukwera, amakaniko aone fani ndi thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta), ndipo atsuke rediyeta, pakuti madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere ndipo amasiya zokakamira zimene zimatseka timipata take. Sefa yamphepo nayonso musaiiwale, fumbi la kwathu kuno mukulidziwa.

Bambo a ku Ngabu:
Zikomo nonse. Muvi sukwera konse, umakhala pakati, ndipo thanki nthawi zambiri imakhala yosafika theka. Ndiyamba ndadzaza mafuta ndi kusintha sefa, ndipo ikazimanso ndipita nayo kuti akaone sensayo.