Mkodzo ukumadontha ndikatsokomola, ndithandizeni nzeru

Admin ndibiseni dzina chonde. Amayi anzanga, ndili ndi zaka 34, ana anayi, womaliza ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Chichirireni mwana ameneyu, mkodzo sukugwirika. Ndikatsokomola, kuyetsemula kapena kuseka kwambiri, ndimangomva kwanyowa kale. Kudzitwika ndowa pa mjigo ndiye musanene. Kukwaya ndinasiya kuvina, ndimangoimba chiimire, mpaka anzanga akuti ndayamba matama. Tsiku la ulendo wa minibasi sindimwa kanthu kuyambira m'mawa. Ndikuvala mapadi a kumwezi tsiku ndi tsiku, ndalama zikutha, khungu nalo layamba kunyuka. Bambo akunyumba sindinawauze. Mchemwali wanga akuti ndi fistula. Zoona?

Mayi wa ku Ndirande: Pepani asisi, simuli nokha. Ine zinandiyamba nditabereka mapasa. Pa maliro ndinkakhala kumapeto kwa mkeka, chitenje chachiwiri chili m'chikwama.

Membala wina: Pitani kwa azitsamba, pali mankhwala okhalira m'beseni, zimauma sabata imodzi.

Mzamba wopuma: Mwana wanga, zokhalira m'besenizo ndi zoika kumusi zisiyeni, mungodzipsereza. Mmene mwafotokozeramu sizikumveka ngati fistula. Fistula ndi bowo limene limabwera mayi akavutika nthawi yaitali pobereka, ndipo mkodzo umangotuluka usana ndi usiku, ngakhale ali gone. Ameneyo apite ku Bwaila ku Lilongwe, kuli malo ochitira opaleshoni ya fistula mwaulere. Inu zikuchitika pokhapokha m'mimba mukakankhika, monga potsokomola kapena ponyamula ndowa. Minofu ya pansi imene imagwira chikhodzodzo yafooka ndi mimba zinayi zija, ndipo imalimbitsika.

Chitani chonchi: finyani kumusi ngati mukuletsa mpweya kutuluka pagulu ndi kugwira mkodzo nthawi imodzi. Musamange mimba kapena matako, ndipo muzipuma bwinobwino. Gwirani kwa masekondi 5, masulani, bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Yambani chogona, mukazolowera muzichita mukupatsa mwana phala kapena muli pa mzere kuchigayo, palibe angadziwe. Mukamva chifuwa chikubwera, finyani kaye kenako tsokomolani. Koma musayembekeze zodabwitsa sabata ino, pamafunika miyezi itatu osadumphitsa. Ndipo musamachite izi pokodza, chikhodzodzo chimazolowera kusiya mkodzo m'kati.

Mayi wa ku Mzuzu: Zosamwa madzizo ndi zimene zinandipweteka ine. Mkodzo unkakhala wofiirira, fungo lamphamvu, mapeto ake ndinadwala matenda a m'chikhodzodzo. Imwani madzi pang'onopang'ono tsiku lonse. Chepetsani tiyi, khofi ndi zakumwa za gasi, zimautsa chikhodzodzo. Pakhungupo sambani ndi madzi okha, pukutani bwino, pakani Vaseline. Padi ya kumwezi sinapangidwire mkodzo, ikanyowa isintheni msanga.

Mzamba wopuma: Ndinaiwala, kudzimbidwa nakonso kumawonjezera vutoli chifukwa cha kudzikakamiza kuchimbudzi. Masamba, mgaiwa ndi zipatso zisasowe. Kuchipatala pitanibe akakuyezeni. Ngati mukumva kuwotcha pokodza, mukuona magazi, mukumva ludzu losatha, kapena ngati pali chinthu chikulendewera kumusi, musachedwe ndi tsiku limodzi. Kwathu kuno likodzo ndi shuga zimabisala m'madandaulo ngati amenewa. Ku zipatala zazikulu monga Queens ndi Kamuzu Central kuli a physiotherapy, akatswiri olimbitsa minofu, mutha kupempha kalata yokutumizani kumeneko.

Bambo wina: Ndalowerera za amayi, mundikhululukire. Auzeni amuna anu. Akazi anga anabisa chaka chathunthu, ine n'kumaganiza kuti akundikana. Nditadziwa, ndowa ndinayamba kunyamula ndine.

Wofunsa: Zikomo nonse, makamaka amayi azamba, mtima wakhala m'malo. Lachinayi ndikupita kusikelo ndi mwana, ndikawauza anamwino komweko. Za abambo akunyumbazo ndikufunabe poyambira. Amene munawauza anu, munayamba ndi mawu oti chiyani?