Filimu ya kamera yakwera mtengo, anzanga mukuipeza kuti?

Akuluakulu okonda kujambula, ndithandizeniko maganizo. Ndimagwiritsa ntchito kamera ya Pentax K1000 imene anandisiyira malume, ija yofuna filimu ya 35mm. Kuno ku Blantyre ndazungulira m'masitolo osaipeza, ndiye ndimadalira achimwene ali ku Joni. Nawonso akudandaula kuti filimu zamitundu za Kodak Gold 200 ndi ColorPlus zikangofika zimatha msanga, pomwe Portra 400 mtengo wake ndi wosayamba, makamaka ukausintha kukhala makwacha.

Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Kampani ya Fujifilm inasiya kupanga filimu yake ya Pro 400H mu 2021, opanga filimu yamitundu atsala ochepa, chonsecho achinyamata ambiri ayambanso kuifuna. Fakitale ya Kodak ku Rochester, ku America, ndiyo yasenza katundu wambiri.

Tsono ndikuganiza zosamukira ku yakuda ndi yoyera, monga Fomapan ya ku Czech Republic kapena Kentmere, n'kumatsuka ndekha kunyumba. Alipo amene anayesapo? Mankhwala ake amafuna madzi a madigiri 20, ndiye kutentha kwa mu Okutobala kuno mumathana nako bwanji? Ena akuti ndigule mpukutu wa mamita 30 ndizidula ndekha, koma sindinagwirepo kachipangizo kokulungira filimu yodulayo.

Palinso wina akundigulitsa filimu yoti tsiku lake linadutsa kalekale, akuti ankaisunga mufiriji. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, ine ndikukayika. Inuyo mungagule? Ndipo achimwene akamabwera ndi filimu pa ndege, makina ounikira katundu aja saiwononga?