Disiki ikumachoka mu RAID: vuto ndi controller kapena kebulo?

Mlonda wa Seva:
Ndili ndi kompyuta ya Linux yosungira mafayilo, momwe muli madisiki anayi a SATA (mtundu wa kalumikizidwe ka madisiki) omwe ndinawaika pa RAID 5 (njira yophatikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi) pogwiritsa ntchito pulogalamu ya mdadm. Disiki imodzi imachoka mu RAID ndikamakopera mafayilo akuluakulu, ndipo mu dmesg, momwe Linux imaonetsa mauthenga ake, mumaoneka mawu akuti "hard resetting link", kenako "limiting SATA link speed to 3.0 Gbps". Ndinaikapo disiki yatsopano pamalo omwewo, koma nayonso ikuchita chimodzimodzi. Kodi controller (kachipangizo koyendetsa madisiki) ya pa motherboard yawonongeka? Ndithandizeni ndisanawononge ndalama zina.

Wokonza Makina:
Musanaiweruze controller, thamangitsani smartctl -a (pulogalamu yoonetsa thanzi la disiki) pa disikiyo, muone nambala 199, yotchedwa UDMA_CRC_Error_Count. Nambala imeneyi imawerenga nthawi zimene deta inasokonekera pa njira ya pakati pa disiki ndi controller, ndipo ikamakwera pamene nambala 5 ndi 197, zomwe zimaonetsa magawo owonongeka a disiki yeniyeniyo, zikadali pa ziro, kawirikawiri wolakwa amakhala kebulo kapena malo ake olumikizira. Mawu amene mwawaona akugwirizana ndi zimenezi, pakuti Linux ikakumana ndi zolakwa zambiri imatsitsa liwiro kuchoka pa 6 Gbps kufika pa 3 Gbps, nthawi zina mpaka 1.5 Gbps, poyesa kuti kulumikizana kukhazikike. Dziwaninso kuti nambala 199 sibwerera pa ziro ngakhale mutakonza vutolo. Ilembeni lero, ndipo muziona ngati ikukwerabe.

Wa Mawaya:
Ndikugwirizana ndi a Wokonza Makina, koma ndikupempheni kuti muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa mukasintha kebulo, port (polowetsa kebulo pa motherboard) ndi disiki zonse pamodzi simudzadziwa chimene chinali ndi vuto. Yambani ndi kebulo, port ikhale yomweyo. Muyeso wa SATA umalola kebulo yosapitirira mita imodzi, ndipo yopindidwa mwamphamvu kapena yomangidwa mothina ndi zomangira za pulasitiki imasokoneza deta, makamaka pa liwiro la 6 Gbps. Sankhani yokhala ndi kachitsulo kogwira kumapeto, chifukwa kunjenjemera kwa madisiki kumamasula pang'onopang'ono makebulo opanda chogwirira. Musaiwalenso mawaya a magetsi: madisiki angapo akamadyera pa chogawira chimodzi chotchipa cha Molex, disiki imatha kuzima kwa kamphindi, ndipo izi zimaoneka ngati vuto la controller.

Mlonda wa Seva:
Zikomo kwambiri nonse. Nambala 5 ndi 197 zili pa ziro, koma 199 inali ikukwera nthawi iliyonse ndikamakopera. Kebuloyo inali yopindika kwambiri kumbuyo kwa disiki. Ndaika ina yaifupi yokhala ndi chogwirira, ndipo nambalayo yaima.

Wokonza Makina:
Ndiye kuti disiki imene munaichotsa poyamba ikhoza kukhala yabwinobwino, ndipo ndi bwino kuiyesa ndi smartctl -t long musanaitaye. Koma musanaibwezere disiki iliyonse mu RAID, sungani kaye mafayilo ofunika kwina, popeza RAID 5 imapirira kutayika kwa disiki imodzi yokha, ndipo nthawi yomanganso RAID ndi imene madisiki otsalawo amawerengedwa onse kuyambira poyamba mpaka kumapeto, choncho ina ikachoka pamenepo mutha kutaya mafayilo. Makebulo enawo ngati munawagula pamodzi ndi yoipayo, onaninso nambala 199 pa madisiki atatu otsalawo musanayambe kumanganso.