Kodi tabuleti yopanda Zoom ndi Netflix ingayende malonda?

Kambalame analemba:

Moni kwa nonse. Funso langa lachokera pa mtsutso umene ndinali nawo ndi mnzanga wina wa kuntchito, ndipo popeza tinasiyana tisanagwirizane, ndaona kuti ndi bwino ndiutule pano. Iye akuti tabuleti iliyonse imene ingatuluke popanda pulogalamu yotchuka yoimbirana moonana nkhope, monga Zoom kapena WhatsApp, komanso popanda pulogalamu yoonerapo mafilimu pa intaneti, monga Netflix kapena YouTube, ndiye kuti yafa isanafike n'komwe m'manja mwa ogula, ngakhale itakhala ndi sikirini yooneka bwino, batire lokhalitsa ndi mtengo wotsika. Ine ndikuona ngati akukokomeza, chifukwa anthu amagula tabuleti pa zifukwa zambiri, monga kuwerenga, kulemba, kujambula ndi kuphunzitsira ana. Ndikupempha amene mwatsatira bwino mbiri ya zipangizozi kuti mundithandize. Kodi ilipo tabuleti imene inalephera pa chifukwa chimenechi chokha? Nanga ilipo imene inayenda malonda popanda mapulogalamu amenewa?

Mmisiri anayankha:

A Kambalame, mnzanuyo ali ndi mboni imodzi yamphamvu, yomwe ndi BlackBerry PlayBook. Kampani ya ku Canada ya Research In Motion inatulutsa tabuleti imeneyi mu Epulo 2011 pa mtengo woyambira madola 499 a ku America, wofanana ndi wa iPad, ndipo akatswiri ambiri anayamikira mapangidwe ake. Koma inalibe Skype, yomwe pa nthawiyo inali njira yodziwika kwambiri yoimbirana moonana, ndiponso inalibe Netflix. Inali ndi pulogalamu yakeyake yoimbirana pa vidiyo, koma inkagwira ntchito pokhapokha winayo akhalenso ndi PlayBook, ndipo apa ndi pamene panagona vuto, pakuti pulogalamu yoimbirana ilibe phindu ngati achibale anu onse ali pa pulogalamu ina. Chaka chisanathe mtengo unatsitsidwa kufika pa madola 199, ndipo mu Disembala 2011 kampaniyo inalengeza kuti yataya madola 485 miliyoni pa matabuleti amene anangounjikana m'nyumba zosungira katundu.

Komabe tisafulumire kugamula mlandu. PlayBook inatulukanso yopanda pulogalamu yake ya imelo ndi kalendala, moti munthu ankafunika kuilumikiza ku foni ya BlackBerry kuti awerenge makalata ake, ndipo izi zinakonzedwa mu Febuluwale 2012, mbiri itaipa kale. Kwa kampani imene inatchuka ndi imelo, chimenecho chinali chilema chachikulu kuposa kusowa kwa Netflix.

Palinso matabuleti awiri amene amasokoneza mfundo ya mnzanuyo. HP TouchPad inali ndi njira yoimbirana kudzera pa Skype, koma inatuluka pa 1 Julayi 2011 ndipo pa 18 Ogasiti chaka chomwecho kampani inalengeza kuti yasiya kuipanga, kenaka zotsalazo zinagulitsidwa pa madola 99. Surface RT ya Microsoft, imene inatuluka mu Okutobala 2012, inali ndi Skype komanso Netflix, koma sinkatha kuyendetsa mapulogalamu akale a Windows amene anthu ankayembekezera ataona dzina la Windows, ndipo mu Julayi 2013 Microsoft inalengeza kutaya pafupifupi madola 900 miliyoni pa chipangizocho. Choncho kukhala ndi mapulogalamu otere sikunapulumutse matabuleti awiriwa. Maganizo anga ndi akuti kusowa kwake kumakhala chizindikiro cha matenda ena: eni mapulogalamu akaona kuti ogula ndi ochepa salemba pulogalamu, ndipo ogula akaona kuti mapulogalamu ndi ochepa sagula tabuletiyo.

Nangondo anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a Mmisiri anena, koma ndikupempha kuti tisamange kuimbirana ndi kuonera mafilimu mtolo umodzi, chifukwa ndi zinthu zosiyana kulemera kwake. iPad yoyamba, imene inatuluka mu Epulo 2010, inalibe kamera ngakhale imodzi, kotero kuti kuimbirana moonana kunali kosatheka, koma inagulidwa yokwana miliyoni imodzi m'masiku 28 okha. Makamera anabwera ndi iPad 2 mu Malichi 2011. Koma Netflix inalipo pa iPad kuyambira pachiyambi penipeni. Kindle Fire ya Amazon, imene inatuluka mu Novembala 2011 pa madola 199, inalibenso kamera kapena maikolofoni, koma inali ndi mafilimu a Amazon komanso Netflix, ndipo inayenda malonda m'chaka chomwecho chimene PlayBook inali kugwa, ngakhale kuti zonse ziwiri zinali ndi sikirini ya mainchesi 7.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Munthu amene akugula tabuleti nthawi zambiri amakhala ali kale ndi foni m'thumba, ndipo foniyo ndi imene amaimbira. Chimene foni singamupatse ndi sikirini yaikulu yoonerapo kanema atakhala pansi madzulo. Umboni wina ndi wakuti WhatsApp sinakhale ndi pulogalamu yake ya pa iPad mpaka mu Meyi 2025, ndipo kwa zaka 15 zonsezo iPad inakhalabe patsogolo pa malonda a matabuleti, ngakhale kuti kunena chilungamo inali ndi FaceTime, Skype ndi Zoom zotsekera mpata umenewo.

Ndivomereze kuti mliri wa COVID-19 unasintha zinthu. Zoom inanena kuti anthu olowa m'misonkhano yake pa tsiku anakwera kuchoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020, ndipo makolo ambiri anagulira ana awo matabuleti kuti aziphunzirira kunyumba. Kholo lotero likafunsa m'sitolo ngati tabuleti ili ndi pulogalamu imene sukulu ikugwiritsa ntchito, n'kuyankhidwa kuti ilibe, silidikiranso kumva za ubwino wa batire.

Tsinde anayankha:

Anzanga, pali mbali ya luso imene sinatchulidwe, ndipo ndikuona kuti ikulimbikitsa mfundo ya mayi Nangondo. Masiku ano kusowa kwa pulogalamu yoimbirana kuli ndi khomo lina lolowera, chifukwa luso lotchedwa WebRTC limalola kuti browser yokha, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, itumize mawu ndi zithunzi popanda kuika pulogalamu ina, ndipo misonkhano ya Google Meet, Zoom ndi Microsoft Teams ingathe kulowedwa mwa njira imeneyi, ngakhale kuti pa tabuleti sizimayenda mosalala nthawi zonse. Pa mafilimu nkhani ndi ina. Eni mafilimu amafuna kuti chipangizo chikhale ndi loko woteteza kuti filimu isakoperedwe, ndipo pa matabuleti a Android loko ameneyu ndi Widevine wa Google. Chipangizo chimene chili ndi mlingo wapamwamba wa loko ameneyu, wotchedwa L1, ndiponso chavomerezedwa ndi Netflix chimaonetsa zithunzi zakuthwa, pamene chimene chili pa mlingo wapansi wa L3 chimaonetsa zithunzi za mlingo wotsika ngakhale sikirini yake ikhale yabwino chotani. Kotero wopanga tabuleti sangathetse vutoli payekha, ayenera kuvomerezedwa ndi makampani ena.

Chitsanzo cha Huawei, kampani ya ku China, chikuonetsanso kuti yankho limadalira dera limene tabuleti ikugulitsidwa. Boma la America litaika kampaniyi pa mndandanda wa makampani oletsedwa mu Meyi 2019, zipangizo zake zatsopano zinayamba kutuluka popanda YouTube ndi Google Play, malo amene anthu amatengako mapulogalamu a Android. Kunja kwa China zimenezi zinabweza ogula ambiri, koma m'dziko la China momwemo, momwe YouTube ndi yotsekedwa ndipo Netflix sigwira ntchito, anthu amaimbirana pa WeChat ndi kuonera mafilimu pa iQIYI kapena Tencent Video, moti matabuleti a Huawei akupitirizabe kugulidwa kwambiri. Pulogalamu yotchuka ndi imene anthu a m'dera limenelo akugwiritsa ntchito, osati imene ife tinaizolowera.

Pomaliza ndikumbutse za reMarkable, tabuleti ya kampani ya ku Norway imene inatuluka koyamba mu 2017, yomwe sikirini yake imaoneka ngati pepala ndipo ntchito yake ndi kulembapo ndi kuwerengapo basi. Ilibe kamera, siionetsa mafilimu, ndipo eni ake amaitsatsa ponena kuti ubwino wake ndi womwewo wakuti palibe chosokoneza munthu akamalemba. Inapeza ogula okwanira moti yachiwiri inatuluka mu 2020, ndipo Amazon inabweretsa Kindle Scribe mu 2022 kuti ipikisane nayo.

Kambalame analembanso:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha mayankho ogwira mtima. Koma a Tsinde, ndikudziwa kale chimene mnzanga uja adzanene ndikadzamutchulira reMarkable: adzati imeneyo si tabuleti koma kope lamagetsi, ndipo kuti funso lathu linali la matabuleti amene amapikisana ndi iPad ndi Samsung Galaxy Tab. Kodi pamenepo sadzakhala kuti wandigonjetsa?

Mmisiri anayankhanso:

Pa gulu limenelo ine ndingamuvomereze, a Kambalame, makamaka pa mbali ya mafilimu. Tabuleti imene ikudzitcha ya ntchito zonse, n'kuikidwa pa shelefu imodzi ndi iPad pa mtengo wofanana, wogula amaiyesa ndi muyeso wa iPad, ndipo chilichonse chimene chikusowa amachiwerengera ngati chilema. Matabuleti a Fire a Amazon amapitirira kugulidwa ngakhale alibe Google Play kapena pulogalamu ya Google ya YouTube, chifukwa mtengo wake ndi wotsika, Netflix ndi Prime Video zilimo, ndipo YouTube imatseguka pa browser. Chimene sindingamuvomereze ndi kumangirira nkhani yonse pa mayina a mapulogalamu. Mu 2011 anthu ankati PlayBook singapulumuke popanda Skype, ndipo m'chaka chomwecho Microsoft inagula Skype pa madola 8.5 biliyoni, koma mu Meyi 2025 kampani yomweyo inatseka Skype n'kusamutsira anthu ake ku Teams. Mukakumana naye, mumufunse kuti ndi pulogalamu iti yoimbirana imene iye mwini anaitsegula komaliza pa tabuleti yake, osati pa foni, ndipo mudzatiuze zimene adzayankhe.